CHIKHRISTU CHA LAMULUNGU, NANGA LOLEMBA?

Amayi anzanga, sabata ino ndabwera ndi nkhani yolemera pang'ono, ndipo ndikupemphani kuti muyambe mwatula mtolo wa nkhuni, mukhale pamphasa, tikambirane ngati anthu a mbumba imodzi. Lero tisiye kaye za kaphikidwe ka futali ndi kasokedwe ka malaya a mwana zimene tidazolowera patsamba lino. Nkhaniyi ndi ya ife eni ake, amene timachapa bulauzi yoyera, kuiyanika pachingwe, ndi kuisita ndi nsimbi ya makala kufikira itawala ngati ufa woyera. Funso langa nali: kodi kuyera kumeneku kumafika mpaka Lolemba, kapena kumathera pakhomo pa tchalitchi?

MAWU ADAFIKA KALE

Mawu a Mulungu si achilendo m'dziko muno. Amishoni oyamba adafika ku Magomero m'chaka cha 1861. A Livingstonia adamanga ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre adatsatira mu 1876, ndipo ku Mvera ntchito idayamba mu 1889. Akatolika adakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Buku Lopatulika lathunthu lidatuluka m'chinenero chathu mu 1922, kotero kuti papita zaka zoposa 100 tikuwerenga Malembo m'chiyankhulo chimene tidayamwira. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 77 adanena kuti ndi Akhristu.

Nawonso magulu a amayi ali ponseponse. Kuli Mvano, Chigwirizano, Umanyano, Dorika, Legio wa Maria ndi ena ambiri, ndipo palibe amene angakane ntchito yaikulu imene magulu amenewa amagwira pa maliro, pa matenda ndi pa zitukuko za mpingo. Tsono ngati tachuluka chotere, nchifukwa ninji kulira kwa amasiye, kwa nkhalamba ndi kwa ana a ntchito sikutha m'midzi mwathu? Kodi amene akuwaliza ndi anthu 23 otsala aja okha? Tisadzinamize. Kawirikawiri ndife tomwe.

ZIMENE NDIDAONA NDI MASO ANGA

Chaka chatha kwathu kudagwa maliro a bambo wina amene adali mmisiri wa matabwa. Sinditchula dzina lake kapena la mudzi, pakuti cholinga changa si kuchititsa munthu manyazi ayi. Mkazi wake ndi mmodzi wa amayi a m'gulu limene ine ndimatsogolera, mayi wofatsa, wa ana anayi, amene adakwatiwa chitengwa nadzakhala kwao kwa mwamuna. Pa zaka 16 za banja lao adamanga nyumba ya njerwa zootcha yofolera ndi malata, adagula njinga ndi makina osokera, ndipo mayiyu ndiye ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu kuti pakhomo pazipezeka sopo ndi mchere.

Maliro aja tidawagwira bwino zedi. Tidasonkha ufa mbale imodziimodzi, tidatunga madzi, tidatola nkhuni, tidagona pasiwa usiku uwiri tikuimba mpaka mawu kusasa. Tidaluka nkhata za maluwa, tidandanda mizere iwiri kuchokera pakhomo kukafika kumanda. Abusa adalalikira za kusamala amasiye, ndipo khamu lonse lidavomera ndi mitu. Alendo ochokera kutali adatiyamikira kuti kuno ndiye kuli amayi odziwa ntchito ya Mulungu.

Mwambo wa kusesa utangotha, abale a malemu adabwera ndi ngolo ya ng'ombe. Adatulutsa matumba 12 a chimanga, njinga, matiresi, zipangizo zonse za umisiri, mpaka makina osokera aja. Adauza namfedwa kuti ikatha miyezi iwiri abwerere kwao, chifukwa nyumba ili pa malo a makolo ao. Amene ankawerenga katundu ndi kulemba m'kope adali mkulu wake wa malemu, bambo amene amayendetsa mbale ya chopereka Lamulungu lililonse. Amene adakulunga makina m'chitenje nasenza pamutu adali mlongo wake wa malemu, mayi yemwe uja ankayambitsa nyimbo usiku wa maliro, duku loyera lili kumutu.

Ine ndidali pomwepo, pakuti ndidapita kukasiya kambale ka ndiwo. Namfedwa adandiyang'ana misozi ili chuchuchu nati, "Amayi, kodi mukuziona?" Ine ndidazolika nkhope ndi kuyankha kuti, "Pepani achemwali, izi nza pabanja, ife akunja sitingalowererepo. Tizingopemphera." Ndidasiya mbale ija pakhonde, ndidabwerera kwathu, ndipo usiku umenewo tulo sitidabwere.

CHIMENE CHIDANDITSEKA PAKAMWA

Ndikadati ndinene kuti ndidangochita mantha, bwenzi ndikukunamizani. Chidanditseka pakamwa ndi mlandu wanga womwe. Zaka 9 zapitazo mlongo wanga atamwalira, ine ndi abale anga tidapita kunyumba kwake ndi mtima womwewo. Tidati katunduyu ndi thukuta la mbale wathu, mkaziyu adabwera chimanjamanja. Gawo langa lidali wailesi, bulangete ndi mbuzi ziwiri. Alamu anga adangokhala chete pakona, mwana wa miyezi 8 ali kumsana. Lamulungu lotsatira ndidavala zoyera, ndidaimba, ndipo patapita masabata ochepa ndidadya Mgonero popanda kanthu kondiluma mumtima. Palibe adandidzudzula, chifukwa palibe adaona ngati ndachimwa.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkuyuwo ndidali ine.

NCHIFUKWA NINJI ZIMATERE?

Ndakhala ndikusinkhasinkha za chimene chimapangitsa munthu wopemphera kuchita zotere, ndipo ndapeza zifukwa zinayi.

Choyamba, tidagawa machimo m'mitanga iwiri. Mumtanga woyamba tidaikamo mowa, fodya, mitala, gule ndi mimba ya pathengo. Amenewa ndiwo timawatcha machimo, ndipo mtsikana akapezeka ndi pakati nkhani yake imafika kwa akulu a mpingo sabata isadathe. Mumtanga wachiwiri tidaikamo kulanda, kunyenga pa malonda, kumana wantchito malipiro ake, miseche ndi nkhanza za m'nyumba. Amenewa timangoti ndi zochitika za moyo. Ine chibadwire ndaona atsikana ambiri akuikidwa pa chilango, koma ndidali ndisadaonepo munthu akuitanidwa chifukwa chotenga makina a mkazi wamasiye. Komatu Malembo sagawa chotere. Kalata ya Yakobo, pa mutu 1, imayesa chipembedzo choona poona m'mene munthu amasamalira ana ndi akazi amasiye, ndipo pa mutu 2 imafanizira chikhulupiriro chosaoneka m'ntchito ndi thupi lopanda mpweya. Pa Marko mutu 12 Ambuye adadzudzula kwambiri anthu opemphera mapemphero aatali amene ankadyera amasiye chuma chao.

Chachiwiri ndi umphawi. Sindikufuna kuupeputsa, pakuti ndikudziwa m'mene mtengo wa feteleza ndi fizi ya ana zimatisowetsera tulo. Munthu akaona njinga ya mbale wake itatsamira kukhoma, mtima umamunong'oneza kuti mavuto ake atha. Koma taganizani, amayi: ngati iwe amene mwamuna wako ali moyo ukuvutika, nanga uyo amene watsala yekha ndi ana anayi?

Chachitatu, timabisala kumbuyo kwa mwambo. Timati ndi m'mene ankachitira makolo. Koma funsani agogo a m'mudzi mwanu. Pa mwambo weniweni, wachibale amene ankalowa m'malo mwa malemu ankasenzanso udindo wodyetsa ndi kulera ana otsalawo. Ife lero tidatola katundu, udindo tidausiya panjira.

Chachinayi ndi mantha. Wolakwayo akakhala munthu wodziwika, wopereka zambiri pa ntchito yomanga tchalitchi, kapena mbale wa amfumu, tonse timayang'ana kumbali. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Tsono timavundikira mantha athuwo ndi mawu okoma akuti tizingopemphera.

SI PA MALIRO POKHA

Matendawa ali m'mbali zambiri za moyo wathu. Pitani kumsika. Mudzapeza mayi wa m'gulu ali ndi mbale ziwiri: yaikulu yogulira nyemba kwa alimi, ndi ina yophwanyidwa kunsi yogulitsira. Tomato wabwino ali pamwamba pa mulu, woola ali pansi. Buku la Deuteronomo, mutu 25, lidaletsa kale za miyeso iwiri.

Lowani m'nyumba zathu za m'tauni. Tidatenga mwana wa zaka 12 kumudzi ndi lonjezo lakuti tidzamphunzitsa sukulu. Lero ndiye amadzuka tambala woyamba, amagona pakhitchini, amadya zotsala, ndipo Lamulungu amatsala kunyumba akuchapa pamene ife tili kutchalitchi ndi ana athu ovala nsapato. Lamulo la za ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma ife timati ndi mbale wathu, tikungomthandiza. Kodi mwana wa mnzako si wako yemwe?

Onani m'mabanki m'khonde. Timatsegula ndi pemphero, timatseka ndi pemphero, koma mnzathu akalephera kubweza ngongole chifukwa mwana wake wagonekedwa kuchipatala, timapita gulu kukamlanda mapoto ndi zofunda.

Choopsa koposa ndi m'mene timachitira ndi nkhalamba. Mwana akadwala malungo, m'malo mothamangira naye kuchipatala timayamba kuloza chala agogo a maso ofiira, kuiwala kuti masowo adafiira ndi utsi wa zaka zambiri akutiphikira. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, nkhalamba zinayi zidaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwao poziganizira ufiti, mphezi itapha mtsikana wina. Lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Koma nkhani zotere siziyamba ndi zibonga ayi. Zimayamba ndi manong'onong'o a pachitsime ndi a kuchigayo, ndipo kumeneko ochuluka ndife amayi.

ZIMENE LAMULO LIMANENA

Nkofunika kuti mayi aliyense adziwe izi, chifukwa ambiri timalandidwa kaamba ka kusadziwa. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994, pa gawo 24, amateteza amayi kuti asalandidwe katundu wao, kuphatikizapo chuma chosiyiridwa. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, limene lidalowa m'malo mwa lakale la mu 1967. Lamuloli limati munthu akamwalira osasiya wilu, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake pamodzi ndi ana. Ziwiya ndi katundu wogwiritsa ntchito m'nyumba zimatsala ndi namfedwa. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kulipitsidwa chindapusa ndi kukagwira ukaidi mpaka zaka 10. Wolandidwa akhoza kukadandaula kwa amfumu, ku ofesi ya bwanamkubwa, kapena kupolisi ku nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

Koma taonani manyazi ake, amayi anzanga. Boma lidachita kulemba lamulo ndi kuopseza ndi ndende kuti Akhristu aleke kuchita chinthu chimene Buku lao lomwe lidaletsa kalekale.

ZIMENE TIDACHITA

Lachinayi lotsatira, pa msonkhano wa gulu lathu, tidawerenga Machitidwe a Atumwi mutu 6, pamene mpingo woyamba udasankha anthu 7 chifukwa amasiye ena ankaiwalika pa kagawidwe ka chakudya. Nditatha kuwerenga ndidalephera kuphunzitsa. Ndidaimirira ndi kuulula za wailesi, bulangete ndi mbuzi zija, ndiponso za yankho limene ndidapatsa mnzathu pakhonde pake. M'chipinda mudati zii. Kenaka agogo ena, amene ndiwo aakulu pa tonse m'gulu, adakweza mutu nandifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi mbuzizo zidaswana?" Ndidavomera. Iwo adati, "Tsono kulapa kwako kuli m'khola, osati muno."

Loweruka ndidakwera basi kupita kwa alamu anga. Ndidagwada pakhomo pao, ndidapepesa, ndipo sabata yotsatira ndidatumiza mbuzi zinayi. Iwo sadanene zambiri. Adangoti, "Alamu, mwana uja ali Sitandade 3 tsopano, ndipo sakukudziwani." Mawu amenewa adandipweteka kuposa kutukwanidwa, pakuti ndidazindikira kuti pa mbuzi ziwiri ndidagulitsa mwana wa mlongo wanga.

Nditabwerako, tidavala yunifolomu amayi 19, tidapita kwa abusa, ndipo kuchokera kumeneko tidapita kwa amfumu pamodzi ndi namfedwa uja. Sitidapite ndi mkangano. Tidakhala pansi mwaulemu, tidaomba m'manja, ndipo tidati, "Gogo chalo, tabwera kudzaperekeza mnzathu. Tidamperekeza kumanda, lero tamperekeza kubwalo." Amfumu adaitanitsa abale a malemu, adawakumbutsa za lamulo, ndipo adagamula kuti mayiyo akhalebe m'nyumba yake ndi ana ake.

Sindingakuuzeni kuti zonse zidabwerera. Makina osokera, njinga ndi matiresi zidabwezedwa. Pa matumba 12 aja adabwerako 7, ena adali atagulitsidwa kale. Zipangizo za umisiri sizidaonekenso mpaka lero. Mlongo wa malemu uja sandipatsa moni tikakumana kuchigayo, ndipo alipo ena amene amanena kuti gulu lathu lasiya za Mulungu layamba za milandu. Koma ndikamadutsa pakhomo paja m'mawa ndi kumva makina akulira, ndimadziwa kuti ana anayi aja adya, ndipo sadasiye sukulu.

Kwa amene amati mpingo usalowerere za moyo wa tsiku ndi tsiku, ndiwakumbutse za pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Chikatolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse lino. Kalata imeneyo idanena za malipiro ochepa a antchito, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za masukulu, zipatala ndi ufulu wa kulankhula, pa nthawi imene kunena zotere kudali koika moyo pachiswe. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalawi adaponya voti ya riferendamu. Ngati atsogoleri aja adalimba mtima pamaso pa boma, kodi ife tingalephere kulimba mtima pamaso pa mlamu wathu?

TIYAMBIRE PATI?

Amayi a m'gulu lathu tidagwirizana mfundo zingapo, ndipo ndikuzipereka kwa inu kuti mukazikambirane m'magulu mwanu.

1. Ntchito yathu pa maliro isamathere kumanda. Amayi awiri kapena atatu azikhala ndi namfedwa pa tsiku lokamba za katundu, ndipo gulu lizimuyendera mwezi ndi mwezi kufikira chaka chitatha.

2. Tilimbikitse amuna athu kulemba wilu, ndipo nafenso tilembe. Kulemba wilu si kuitana imfa ayi. Wilu imalembedwa papepala ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisakhale anthu amene adzalandireko kanthu.

3. Tisunge malisiti a katundu amene tagula ndi thukuta lathu, ndiponso mtchatho wa ukwati wathu, pamalo abwino posafika chiswe.

4. Mbale yogulira ikhale yomweyo yogulitsira.

5. Mwana aliyense wokhala m'nyumba mwathu apite kusukulu, adye chimene ana athu akudya, ndipo wantchito wamkulu alandire malipiro ake pa tsiku limene tidapangana.

6. Mnzathu akayamba kunena nkhalamba za ufiti, timuletse pomwepo, ngakhale pakhale pachitsime. Wodwala apite kuchipatala.

7. Aliyense ayang'ane m'nyumba mwake. Ngati muli chinthu chimene chidalowa ndi misozi ya munthu wina, chibwerere kwa mwini wake.

Mfundo yomalizayi ndiyo yowawa, ndipo ndikunena monga munthu amene adailawa. Koma popanda iyo zinazo ndi phokoso chabe.

Amayi anzanga, sindikunena kuti tivule yunifolomu kapena tileke kuimba. Dorika wa ku Yopa, amene timamva za iye pa Machitidwe mutu 9, atamwalira akazi amasiye sadaonetse Petro kukoma kwa mapemphero ake, koma malaya amene adawasokera. Nafenso tsiku lathu lidzafika, ndipo anzathu adzandanda mizere iwiri kutiperekeza. Kodi amasiye a m'mudzi mwathu adzakhala ndi chiyani choonetsa?

Tikumbukirenso kuti ambiri a ife tidzakhala anamfedwa tsiku lina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chotero Loweruka likudzali, pamene mukuika makala m'nsimbi, dzifunseni kuti mwachita zotani kuyambira Lolemba. Ngati yankho likukuvutani, bulauzi iyambe yadikira, pitani kaye mukaone mnzanu uja.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata ya mawa.